Mlandu wa Banja la a Nyenyezi pa Bwalo la Gogo Chalo

Nduna yaikulu itatsimikiza kuti chabwalo chalipidwa, Gogo Chalo anakhala pampando wawo pansi pa kachere, anthu n'kuwomba m'manja. Milandu ya tsikulo inalipo itatu: wa malire a dimba, wa nkhumba yomwe inafukula chinangwa cha eni, ndi uwu womwe unadzaza bwalo mpaka ana kukwera m'mitengo. Mayi Naphiri, aja ophika zitumbuwa pamphambano, anasumira banja lonse la a Nyenyezi, omwe timawaona pafoni atandanda pansi pa katundu aliyense wogulitsidwa pa intaneti.

Oimbidwa mlandu analowa motsatizana. Patsogolo panali a Zisanu, munthu wa thupi lake, suti yonyezimira, akumwetulira aliyense ndi agalu omwe. Pambuyo pawo a Zinayi, atazolika. Kenako a Zitatu, owonda, jekete litang'ambika pachigongono. A Ziwiri sanabwere, ndipo palibe anazindikira mpaka mlembi atawerenga mayina. Omalizira anali a Imodzi, amene anayamba kukalipa asanakhale n'komwe, ati mpando womwe anawapatsa ndi wogwedera. Mwini msika wa pa intaneti naye anaitanidwa, koma anangotumiza mnyamata wa taye yofiira, yemwe anakhala poteropo n'kumaseweretsa foni.

"Amayi, bwalo ndi lanu," inatero nduna.

Naphiri anamanga chitenje, nagwada pang'ono. "Zikomo Gogo Chalo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga mpaka 5 ndimatha. Ndinkafuna nyale ya sola yoti ndiziunikira pokazinga zitumbuwa m'bandakucha. Ndinaiona pafoni yomwe ananditumizira mwana wanga wa ku Joni. Pansi pa nyaleyo panali bambo awa." Analoza a Zisanu, iwo n'kuweramitsa mutu mwaulemu. "Panalembedwa 4.9, ndipo anthu ankhaninkhani anali kuitamanda. Wina akuti imawala kuposa mwezi. Wina akuti agogo ake ayambanso kulowetsa ulusi pasingano usiku. Ndinagulitsa nkhuku zinayi, ndalama n'kutumiza pafoni. Nyale inabwera ndithu. Inawala masiku awiri, tsiku lachitatu inangoti phethiphethi, basi zii. Lero ana akusungiramo ngumbi."

"Wogulitsayo munamufunsa?" anafunsa Gogo Chalo.

"Sitolo yake inasowa pafoni, Chalo. Itatha sabata ndinaona nyale yomwe ija, chithunzi chomwe chija, dzina la sitolo lokha ndilo lasintha. Ndipo bambo awa ali pomwepo, akumwetulira."

Bwalo linang'ung'udza. A Zisanu anadzuka, nakonza kolala.

"Chalo, ndisanayankhe za nyale, bwalo lidziwe kuti ine sindine munthu wamba. Kale munthu ankagula kwa amene amamudziwa kwawo, amalume ake ndi mfumu yake. Akakubera umadziwa khomo lokagogoda. Itabwera intaneti, ndani akanatumiza ndalama zake kwa mlendo yemwe sanamuonepo nkhope? Mu 1995 bambo wina wa ku California, Pierre Omidyar, anatsegula msika womwe lero ukutchedwa eBay. Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa chinali katochi ka laser kolozera zinthu, kakufa kale, pa mtengo wa madola 14.83. Omidyar mwiniwake anadabwa, mpaka anamulembera wogulayo kumufunsa ngati wamvetsa kuti kanthuko n'kowonongeka. Koma msika utakula, madandaulo anamuchulukira, ndipo mu February 1996 anatsegula malo oti ogula ndi ogulitsa azilemberana umboni poyera. Amenewo ndiwo agogo athu. Nthawi imeneyo sitinali nyenyezi. Ankangolemba kuti zabwino, zapakatikati kapena zoipa. Kuchokera pamenepo anthu osadziwana akhala akugulitsana katundu kudutsa nyanja. Lero ndikuimbidwa mlandu chifukwa cha nyale imodzi?"

Analankhula bwino, ndisaname, ndipo amayi ena anatsala pang'ono kululutira. Gogo Chalo anatembenukira kwa aphunzitsi opuma, omwe bwalo limawadalira pa nkhani za kunja. "Aphunzitsi, akunama kapena?"

"Apa sakunama, Chalo. Vutoli linalipo foni isanabwere. Mu 1970 katswiri wa zachuma George Akerlof analemba za msika wa magalimoto akale. Wogulitsa amadziwa ngati injini ili bwino, wogula sadziwa. Ndiye wogula amapereka mtengo wochepa podziteteza, mwini galimoto yabwino amaona kuti akuluza n'kuchoka pamsika, otsala n'kukhala a zibanthu okhaokha. Mfundo imeneyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001. Aliyense pano amene anaitanitsapo galimoto ku Japan pongoona zithunzi, n'kumaidikira kuti itsike ku Dar es Salaam, akudziwa kugunda kwa mtima komwe ndikunenaku. Banja ili linabwera kudzachepetsa mantha amenewo, ndipo ntchito linagwiradi. Akatswiri ena, Paul Resnick, Richard Zeckhauser ndi anzawo, anayesa pa eBay. Anatenga munthu wogulitsa mapositikhadi akale yemwe anali ndi mbiri yabwino, n'kumugulitsitsa katundu wofanana pa dzina lake lenileni komanso pa mayina atsopano opanda mbiri. Pa dzina lodziwikalo ogula ankalipira mtengo wokwererapo ndi 8 peresenti. Michael Luca wa ku Harvard anaunika malo odyera a ku Seattle, napeza kuti nyenyezi imodzi yowonjezera pa tsamba la ndemanga la Yelp inkakweza ndalama zolowa ndi pakati pa 5 ndi 9 peresenti."

"Ndiye kuti nyenyezi ndi ndalama."

"Ndi ndalama, Chalo."

"Basi wakuba safunika kumutumira kalata. Abwera yekha. Pitirizani."

Apa a Zitatu anakweza dzanja, ndipo anali atalikweza kwa nthawi ndithu asanaonedwe. "Gogo Chalo, ine ndili mbali ya oimbidwa mlandu, koma ndikadakonda kukhala uko kwa odandaula. Ntchito inandithera kalekale. Pamene banja lathu linkayamba, ntchito yanga inali yolemekezeka: kunena kuti katunduyu ndi wabwinobwino, si wodabwitsa, si woipa, mtengo wake ndi womwewo. Katundu wambiri pa dziko lino ndi wotero. Nsapato zambiri n'zotero, malo ogona ambiri ndi otero, ngakhale amuna ambiri pabwalo lino ndi otero." Amayi anaseka mpaka nduna inagogoda ndodo. "Koma lero ndani amandiitana? Achimwene angawa atenga maliro, ukwati, chinamwali, zonse okha. Funsani aphunzitsi."

Aphunzitsi anavomera. Anati amene anawerenga ndemanga za pa eBay anapeza kuti pafupifupi 99 mwa 100 zilizonse zinali zoyamikira. Pa Airbnb, pomwe anthu amachititsa lendi zipinda kwa alendo, ofufuza anapeza kuti nyumba pafupifupi 95 mwa 100 zinali ndi nyenyezi 4.5 kapena 5. Ndipo chikalata cha kampani ya galimoto za hayala ya Uber chomwe chinaululika mu 2015 chinaonetsa kuti dalaivala akatsika pa 4.6 ankakhala pachiopsezo chochotsedwa.

"Mwamva?" anatero a Zinayi, mawu akunjenjemera. "Ine pasukulu ndikanakhala 80 pa 100, mwana wokhoza bwino. Kale munthu akandilandira ankasangalala. Lero ndikangofika pakhomo la munthu, ana ake agona ndi njala. Ndasanduka chitonzo ine."

Anaitana mboni, bambo wina wa m'mudzi momwemo amene anayendetsako galimoto za hayala zoitanitsa pafoni ku Joni. Iye anati m'galimoto mwake simunkasowa madzi ozizira ndi maswiti, ndipo nthabwala iliyonse ya kasitomala ankaiseka, ingakhale yomunyoza iye mwini. "Wina anasanzira pampando, Chalo. Ndinamupatsa zisanu."

"Chifukwa?"

"Naye anali ndi foni m'manja."

Aphunzitsi anati mantha amenewa eni misika akuwadziwa. Pa eBay wogula akalemba zoipa, wogulitsa naye ankabwezera, mpaka anthu anayamba kungokhala chete. Mu 2008 kampaniyo inaletsa ogulitsa kupereka ndemanga zoipa kwa ogula. Airbnb mu 2014 inakonza zoti mlendo ndi mwini nyumba asaone zomwe mnzake walemba mpaka onse atalemba, kapena atatha masiku 14.

Gogo Chalo anapukusa mutu. "Anthu a kunjaku mantha achuluka. Kuno kwathu munthu amanena chilungamo poyera. Ine ndaweruza pa bwalo lino kuyambira nthawi ya chipani chimodzi. Alipo pano amene sanakhutirepo ndi chigamulo changa? Aimirire, asaope."

Kunali zii. Kenako bambo amene anali atangoluza dimba lake m'mawa womwewo anayamba kuwomba m'manja, mwamphamvu kuposa wina aliyense, bwalo lonse n'kutsatira. "Mwaona," anatero Gogo Chalo mokhutira. Mlembi analemba, ndipo aphunzitsi anayang'ana kumwamba kwa kachere.

Ine mtima wanga unali kwa a Zitatu. Pa banja lonselo ndiwo okha amene akalankhula umaphunzirapo kanthu. Wolemba zitatu amakhala kuti katundu wamugwiritsadi ntchito, ndipo amakuuza kuti batire imachedwa kutha koma chingwe n'chachifupi. Wa zisanu amangoti zabwino kwambiri, wa imodzi amangotukwana. Koma bwalo silinandifunse.

Mboni yotsatira inabwera itagwidwa pamkono ndi nduna ziwiri: mnyamata wa pa tauni, kachikwama kakuda kumsana. Atakakhuthula pamphasa munatuluka mafoni 12 ndi mulu wa masimu khadi omangidwa ndi labala.

"Iwe mwanawe, mafoni onsewa ndi ako?"

"Ndi a ntchito, Gogo."

"Ntchito yanji?"

"Ndimayamikira zinthu."

"Nyale ya amayi awa unaionapo?"

"Ayi Gogo. Koma ndimaikonda kwambiri. Ndinaikonda ka 12."

Naphiri anaimirira. "Nanga uja wa agogo olowetsa ulusi pasingano?"

"Ndine ndemwe, amayi. Agogo anga anatisiya ndili wakhanda. Koma ndemanga imeneyo inayenda bwino, anandiwonjezera ya mayunitsi." Anafotokoza mosabisa kuti malamulo a ntchito yake ndi ochepa. Usalembe zonse tsiku limodzi. Ulakwitseko kalembedwe pena ndi pena kuti uoneke ngati munthu weniweni. Utchule mwana, mkazi kapena agogo. Pa ndemanga 12 imodzi ikhale ya zinayi, yodandaula kanthu kopanda pake monga mtundu wa katoni. Ndipo masiku ano, iye anati, bizinesi yavuta, chifukwa makompyuta ayamba kulemba okha ndemanga zotere mwaulere, agogo ndi singano zomwe.

Gogo Chalo anafunsa ngati uchitsiru wotere ungapusitse anthu ophunzira a ku Ulaya. Aphunzitsi anavula magalasi, chizindikiro choti nkhani yomwe ikubwera amaikonda.

"Chalo, ku London kuli mtolankhani wotchedwa Oobah Butler. Asanatchuke ankalipidwa mapaundi 10 pa ndemanga iliyonse yabodza yomwe ankalembera malo odyera pa tsamba la ndemanga la Tripadvisor. Mu 2017 anaganiza zoyesa chinthu. Iye ankakhala m'kashedi kuseri kwa nyumba ina ku Dulwich. Anakalembetsa kashediko ngati malo odyera apamwamba, dzina lake The Shed at Dulwich, ofika okhawo amene apanganiranatu. Zithunzi za zakudya anazikonza ndi thovu lometera ndevu ndi mibulu ya mankhwala oyeretsera. China chinali dzira lokazinga ataliika paphazi lake. Anzake n'kumalemba ndemanga zoyamikira. Anthu akaimba foni kufuna malo, iye ankangoti kwadzaza mpaka masabata akubwerawa, ndipo akawakana m'pamene ankalimbikira. Pofika November chaka chomwecho, kashedi komwe sikanaphikepo ngakhale tiyi wa kasitomala kanali nambala wani pa malo odyera oposa 18,000 a mu London."

Gogo Chalo anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Osadyetsa munthu ndi mmodzi yemwe?"

"Anadzatsegula usiku umodzi wokha pambuyo pake, n'kuwapatsa alendo zakudya zotchipa za m'firiji za ku sitolo, zongotenthetsa."

"Chikomekome cha mkuyu," inatero nduna, bwalo n'kumalizitsa lokha.

Aphunzitsi anapitiriza kuti mnyamata wa mafoni 12 ndi kachinthu kochepa. Kampani ya Amazon inanena kuti mu 2022 mokha inatsekereza ndemanga zokayikitsa zoposa 200 miliyoni, ndipo chaka chomwecho inasumira oyendetsa magulu a pa Facebook oposa 10,000 omwe ankagulitsiramo ndemanga. Chaka cha 2021 inali itathamangitsa mayina a katundu pafupifupi 600 a ku China pa mlandu womwewu. Ena amafika potumiza katundu kwa munthu amene sanaitanitse, n'cholinga choti m'mabuku zioneke ngati wagula, kenako iwo n'kulemba ndemanga m'dzina lake. Mu 2020 anthu ambiri ku America analandira timapaketi ta mbewu tochokera ku China tomwe sanaitanitse, ndipo akuluakulu a zaulimi kumeneko anati chikuoneka kuti chinali chinyengo cha mtundu umenewu.

Nthawi yonseyi a Imodzi anali akufufuma. "Ine ndiye wachilungamo pa banja lino! Ndiponso wamkulu ndine, awa ndi ana. Aphunzitsi, auzeni za Nanni!"

Aphunzitsi anati pa ukulu akunena zoona. Ku British Museum ku London kuli phale ladongo lochokera mu mzinda wakale wa Ur, lolembedwa zaka pafupifupi 1750 Yesu asanabadwe. Munthu wotchedwa Nanni analembera wamalonda Ea-nasir kudandaula kuti anamupatsa kopa wachabechabe ndiponso anamunyoza wantchito yemwe anamutuma. "Koma pa chilungamo, Chalo, mufunse mnyamatayu."

Mnyamata uja anakanda m'mutu. "Awanso ndimawagwiritsa ntchito, Gogo. Wa sitolo akafuna kugwetsa mnzake woyandikana naye, amandilipira kuti ndiwatumize kumeneko. Mtengo ndi womwewo."

"Bodza!" anakuwa a Imodzi. Koma mlembi anawerenga zina mwa ntchito zawo. Anapatsa imodzi ambulera chifukwa inafika mvula itasiya. Anapatsa imodzi buku chifukwa wobweretsa sanapereke moni. Anapatsa imodzi malo ogona a kunyanja chifukwa mafunde ankasokosa usiku. A Imodzi anati zonsezo akuzikumbukira ndipo sakubweza mawu.

Dzuwa litafika paliwombo anaitana mnyamata wa taye yofiira.

"Bwana wako ali kuti?"

"Zikomo potipeza. Dandaulo lanu ndi lofunika kwambiri kwa ife."

"Ndafunsa kuti bwana wako ali kuti."

"Pepani chifukwa cha vuto lomwe mwakumana nalo. Kodi mwayesa kuzimitsa foni n'kuiyatsanso?"

Nduna inanyamula ndodo, ndipo mnyamatayo anayamba kulankhula ngati munthu. Anati bwana wake sagulitsa nyale, amangopereka malo. Wogula ndi wogulitsa amakumana okha. Nyenyezi amalemba ndi anthu okha. Ndemanga zabodza amazisaka usana ndi usiku, ndipo zambiri amazichotsa.

"Chabwino," anatero Gogo Chalo. "Pa nkhuku zinayi za amayi awa, bwana wako anadyapo?"

"Timatengapo kagawo kochepa pa malonda aliwonse, Chalo."

"Nyale itafa munabweza kagawoko?"

"Ndondomeko yathu siitero."

"Amasankha ndani kuti nyale iyi ioneke pamwamba, ina pansi?"

"Ndi aligorizimu, Chalo."

"Aitaneni."

"Sayankhula ndi anthu. Kagwiridwe kawo ka ntchito ndi chinsinsi cha kampani."

"Nanga wakuba uja atasintha dzina, anamulandiranso ndani pamsika?"

Mnyamatayo anayang'ana taye yake.

"Ine ndagulitsa chimanga kwa mavenda zaka zambiri," anatero Gogo Chalo. "Venda akabwera ndi sikelo yake, naiwerenga yekha, naikonza yekha ikafa, ndiye n'kumandiuza kuti sikelo siinama, ndimadziwa kuti thumba langa lapepuka lisanakwezedwe. Bwana wako sikelo ndi yake, msika ndi wake, ndipo amadya pamene katundu wagulidwa, osati pamene wogula wakhutira. Nyenyezi zikachuluka anthu amagula. Ndiye akuti ndimukhulupirire kuti usiku sagona pofuna kuzichepetsa?"

Aphunzitsi, pofuna chilungamo, anati eni misika ena amayesetsadi, chifukwa anthu akasiya kukhulupirira nyenyezi msika womwewo umagwa. Msika wa Taobao ku China unakula chifukwa cha njira ya Alipay, yosunga ndalama za wogula pakati mpaka katundu atafika. Koma anawonjeza kuti mu 2022 kampani ya zovala ya Fashion Nova inalipira madola 4.2 miliyoni ku bungwe la boma la America loona zamalonda, FTC, pa mlandu woti inkabisa ndemanga zosakwana nyenyezi zinayi pa tsamba lake. A Zitatu atamva zimenezi anagwetsa misozi, ati nthawi yonseyi ankaganiza kuti anthu amangowada, osadziwa kuti ankatsekeredwa m'chipinda.

Mtsikana wina wosoka madiresi anapempha kulankhulapo. Anati iye katundu wake ndi wabwino, koma pamsikapo ndi watsopano. Alibe nyenyezi chifukwa palibe wamugula, ndipo palibe akumugula chifukwa alibe nyenyezi. Mnyamata wa mafoni anamuyandikira n'kumunong'oneza mtengo, nduna n'kumubweza ndi ndodo.

Anthu ankaona ngati mlandu watha, a Zisanu apsa. Koma iwo anadzukanso, kumwetulira kuli pomwepo. "Chalo, ndili ndi pempho limodzi. Mlembi atenge foni ya amayi awa, awerenge ndemanga za nyale ija pa tsiku lomwe inafika."

Mlembi anatsetsereza chala, naima, nayang'ana Naphiri, n'kuwerenga mokweza: "Nyale yabwino zedi, yafika msanga, Mulungu akudalitseni. Nyenyezi zisanu. Wolemba: Naphiri wa zitumbuwa."

Bwalo linaphulika. Nkhumba ya mlandu wachiwiri inadula chingwe.

"Amayi," anatero Gogo Chalo phokoso litatsika, "mawu awa ndi anu?"

"Ndi anga, Chalo. Koma ndinalemba ndisanaiyatse. M'katonimo munali kakalata kopempha kuti ndikapereka zisanu anditumizira mayunitsi. Komanso munthu wakutumizira katundu kuchokera kutali, ungamunyoze tsiku lomwelo? Si ulemu umenewo."

"Mayunitsiwo anabwera?"

"Anabwera, Chalo. Ndinaimbira mwana wanga kumuuza kuti nyale yafa."

"Itafa munabwerera kukasintha zomwe munalemba?"

"Ndinachita manyazi. Ndinangouza anzanga kuchitsime."

Kumbuyo kunaimirira mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje. "Chalo, inenso ndinagula nyale yomweyo. Ena aja sindinkawadziwa, koma nditaona dzina la a Naphiri ndinati awa ndi a mvano, sanganame." Naphiri anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Mwaona, Chalo," anatero a Zisanu. "Ine ndilibe miyendo. Ndimapita komwe ndatumidwa. Wokhutira amandituma, wamantha amandituma, waulemu amandituma, wolipidwa amandituma. Wobedwa yekha ndiye amapita kuchitsime."

Gogo Chalo ndi nduna zawo anapita kuseri kukapangana, ataitananso aphunzitsi kuti awauze mmene mabwalo ena amalangira. Mawu ankamveka ndithu, poti aphunzitsi kunong'ona sadziwa. Anati mu 2018 khoti la ku Lecce ku Italy linagamula mwini kampani ya PromoSalento kukakhala kundende miyezi 9 chifukwa chogulitsa ndemanga zabodza za pa Tripadvisor. Ku America lamulo la FTC la 2024 linaika chindapusa chofika madola 51,744 pa kulakwa kulikonse. Ku Britain kuyambira April 2025 kampani itha kulipitsidwa mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe imapeza pa dziko lonse. Kuno kwathu wogula wobedwa atha kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission. Kenako kunamveka mkangano wautali wofuna kudziwa kuti madola 51,744 ndi mbuzi zingati.

Atabwerera, nduna inagogoda ndodo, ndipo Gogo Chalo anagamula motere.

"A Zisanu, mlandu wakuba mulibe, koma muli ndi mlandu wopezeka paliponse. Kuyambira lero m'mudzi muno simudzatuluka tsiku lomwe katundu wafika. Muzidikira mpaka katunduyo atagwira ntchito mwezi wathunthu, ndipo ngati ndi ambulera kapena malata, mpaka dzinja litadutsa. Mukatuluka muzinena chifukwa chake. Mawu oti zabwino kwambiri, opanda china chotsatira, bwalo lino silidzawawerengera.

"A Zitatu abwerere pantchito mawa m'mawa, ndipo a Zisanu awagulire jekete. A Zinayi, dzutsani mutu, simunalakwire munthu. A Imodzi, musanalankhule muzigona kaye usiku umodzi. A Ziwiri alipire nkhuku chifukwa chonyozera bwalo, ngati alipo amene akudziwa komwe amakhala.

"Iwe wa mafoni, ulipira mbuzi imodzi, ndipo agogo ako uwasiye agone. Mafoni 11 atsala kuno. Ndi imodzi yotsalayo ukagule diresi kwa mtsikana uyu ndi ndalama zako, ukapatse mlongo wako, avale mwezi umodzi, kenako ulembe zomwe waona.

"Amayi Naphiri, munabedwa, ndipo bwalo lamva chisoni. Koma munachitira umboni chinthu chomwe simunachiyese, mnzanu n'kugwera m'dzenje lomwelo chifukwa cha dzina lanu. Mupereka nkhuku imodzi kwa mayi a kutsidyawa, ndipo musanachoke pano mlembi akuthandizani kulemba zomwe munanena kuchitsime zija.

"Mwini msika abweze nkhuku zinayi za a Naphiri ndi zinayi za mayi a kutsidya, awonjezere ng'ombe ya bwalo. Ndalama za anthu anga azizisunga mpaka katundu atafika ndi kuyesedwa. Wakuba akasintha dzina, mbiri yake imutsate. Ndipo aligorizimu abwere yekha pa bwalo lino Lachitatu likudzali, adzafotokoze mmene amawerengera. Iwe wa taye, wamva?"

"Zikomo potipeza, Chalo. Tikuyankhani pasanathe masiku 14 a ntchito."

"Mlembi, lemba kuti ng'ombe zakhala ziwiri. Ndipo wina akagwire nkhumba ija, mlandu wake sunathe."